Mtendere wa M'chifuwa cha Yotamu

Ufumu wa Mtimaumodzi musaufune pa mapu, simuupeza, ndipo eni ake sadandaula, poti kumeneko kudandaula kudatha kalekale. Likulu lake ndi Ndimomwemo, dzina limene lidachokera ku yankho lokhalo limene nduna zimapereka mfumu ikayankhula. Mfumuyo, a Mlekeni Wachiwiri, sanali munthu wankhanza, ndisawanamizire. Anali munthu wathupi, woseka msanga, wolira msanga, wokonda ana ndi mbatata yootcha. Vuto lawo linali limodzi basi: akamva anthu awiri akutsutsana, m'mimba mwawo munkayamba kupota. Choncho pofuna kuteteza mimba ya mfumu, dziko lonse lidaphunzira kugwirizana.

Ku Mtimaumodzi munthu salangidwa. Ukanena zosemphana ndi za mfumu, amakukweza udindo. Amakuveka mkanjo wobiriwira, mtundu wa mbendera ya dzikolo, amakuimbira nthungululu, kenaka n'kukukweza lole ya ku Kutalitali, kumalire kumene msewu umathera m'nsungwi, kuti ukakhale woyang'anira zitsime. Ku Kutalitaliko oyang'anira adachuluka kuposa zitsimezo.

Wodzalowa ufumu anali Yotamu, mwana wa mlongo wawo wa mfumu. Yotamu adabadwa ndi nthenda imene madokotala amati sisitiki faibulosisi, koma mkazi wake Nachisale ankangoti nthenda ya makhololo. Makhololo ake anali olimba ngati ulimbo, okakamira m'mapapo osafuna kutuluka. Thukuta lake linali lamchere, ndipo ngakhale ankadya kuposa mlimi, thupi silinkabwera. Anali atadutsa zaka makumi atatu, zimene azamba amene adamulandira sakadakhulupirira.

Zomusunga zinali ziwiri: mankhwala a kuchipatala pa nthawi yake, ndi manja a Nachisale tsiku lililonse. M'mawa ndi madzulo Yotamu ankagona chafufumimba pa thabwa lopendekeka, mutu kumunsi. Mkaziyo ankapinda zikhatho monga achitira munthu wofuna kumwa madzi pamtsinje, n'kumaguguda msana ndi nthiti, phu phu phu, mpaka makhololo atamasuka. Yotamu ankatsokomola, kulavula m'kachitini, ndiye mpweya n'kupeza njira.

"Nachisale, lero mwandimenya ngati pali zimene mwamva za ine kumsika," ankatero Yotamu mutu uli pansi.

"Ndikanamva kanthu ndikanatenga munsi. Tembenukani, kwatsala kumanzere."

Ana analibe, nthendayo idawamana. Abale ake a Nachisale adanenanena mpaka kutopa. Iye ankamukonda mwamuna wakeyo, ndipo chimene ankachiopa kuposa china chilichonse chinali tsiku limene adzaguguda msanawo koma mpweya osapeza njira.

Tsono chakudza sichiimba ng'oma. Kunali mwambo woti anthu akakolola, dokotala wa kunyumba yachifumu aime pabwalo n'kunena za thanzi la wodzalowa ufumu. Madokotala akale ankaudziwa bwino mwambowo. Ankaimirira, n'kunena kuti ali bwino, n'kukhala pansi. Koma chaka chimenecho kunali dokotala watsopano, a Kapalamula, wongobwera kumene kuchokera kumaphunziro, ndipo palibe adamutsina khutu. Anabwera ndi zithunzi.

Nachisale, amene anakhala pa mkeka kumbali ya amayi, anangoona zithunzizo mtima n'kugunda. Munthu wobwera ndi zithunzi kubwalo la Ndimomwemo amakhala kuti akufuna kufotokoza, ndipo kufotokoza sikudathereko bwino chiyambire.

"Mfumu yanga," anayamba motero dokotala, nkhope ikuwala, "ndinatenga makhololo a Yotamu n'kuwaona pa makina okulitsa zinthu. M'mapapo mwawo muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timati mabakiteriya. Koma si mtundu umodzi. Ndi midzi yathunthu. Ena ndi ozungulira, okhala mounjikana. Ena ndi atali ngati timitengo. Ena amakonda mpweya, ena amakabisala pansi pa makhololo pomwe mpweya sufika."

Mfumu inasekerera, n'kuomba pa ntchafu. "Tamvani anthuni! Mwana wa mlongo wanga, ufumu asanalowe n'komwe, ali kale ndi anthu ake. Magazi sanama. Nanga akukhala bwanji kumeneko, adokotala? Akugwirizana?"

"Ayi, mfumu. Amalimbirana malo ndi chakudya osapuma. Wina akafuna kukula, anzake amamupanikiza."

Bwalo linangoti zii. M'kati mwa ziiyo munamveka phokoso limene aliyense ankalidziwa, lochokera pansi pa lamba wa mfumu.

"Mkangano?" inafunsa mfumu. "M'chifuwa cha Yotamu wanga?"

"Koma zisakudetseni nkhawa kwambiri, mfumu," anatero dokotala, osaona kuti nduna zoyandikana naye zayamba kusendeza mipando. "Kwa odwala akuluakulu taona kuti pamene mitundu ikadali yambiri, munthu amakhala akupumako bwino. Zimavuta ukatsala mtundu umodzi, chifukwa..."

Chifukwacho palibe adachimva. Anali ataimirira a Tayanjana, amene adakhalapo Nduna ya Mitambo mpaka chilala chidawachotsa ntchito, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda akununkhiza unduna wina.

"Zikomo mfumu, zikomo eni dziko. Ine za makina sindizidziwa, koma malamulo ndimawadziwa ngati njira ya kudimba kwanga. Funso ndi ili: chifuwa cha a Yotamu chili m'dziko liti? Mu Mtimaumodzi! Nanga okhala m'chifuwamo ndi anthu a yani? Ndi anu, mfumu! Adabadwira momwemo, makolo awo adabadwira momwemo, ena akubadwa ine ndikuyankhula pano. Ndiye tilole kuti pakatikati pa banja lachifumu pakhale dera la mafuko osiyanasiyana, aliyense ndi maganizo ake? Mawa khalidwe limeneli likatulukira pakamwa n'kulowa mumsika, tidzagwira mtengo wanji?"

"Zoona," inatero mfumu itagwira pamimba. "Ayanjanitsidwe. Akhale amodzi."

"Ndi momwemo!" linayankha bwalo.

Dzuwa lisanapendeke, a Tayanjana anali Nduna ya Mtendere wa M'chifuwa, galimoto ndi kambendera kake zili panja. Lamulo lawo loyamba linali lakuti Yotamu azibayidwa mankhwala amphamvu kuposa onse, tsiku ndi tsiku osalekeza, mpaka mkangano utatha.

Dokotala anayesanso. "Mankhwala ndi ofunika, mfumu, ndipo akhala akuwapulumutsa a Yotamu kambirimbiri. Koma ali ndi nthawi yake ndi muyeso wake. Tikamathira chithirethire, ofooka adzatha, n'kutsala wouma mutu amene mankhwala samuopsa."

Anamuimbira nthungululu zokoma kwambiri. Mkanjo unali wautali pang'ono, koma lole inali yodikira kale.

M'mawa mwake kunabwera mlengezi wa boma ndi lipenga lake kudzawerengera anthu atsopanowo lamulo. Poti analibe njira ina yowafikira, Yotamu anauzidwa kuti ayasame, mlengezi n'kufuulira m'kamwamo ndime zonse, kuyambira moni mpaka chidindo.

"Amva kodi?" anafunsa mlengezi akupukuta thukuta.

Yotamu anatsokomola pang'ono, n'kupendeketsa mutu ngati akumvetsera. "Akuti akhale kaye pansi akambirane."

Mlengezi anakanena zimenezo kwa nduna monga umboni wa kukula kwa vutolo.

Kumsika wa Tangopenya nkhani inali itafika kale, itavala ndi nsapato zomwe. Nachisale atafika pa benchi la Nagama, mnzake wogulitsa tomato, anapeza anthu akumudikira.

"Apongozi a dziko, tamva kuti amuna anu ali ndi midzi m'chifuwa," anatero Nagama akusanja tomato. "Tatifunsirani, malo olima alipo?"

"Akuti kumeneko amaloledwa kukangana," anawonjezera mkulu wina wogulitsa makala. "Ndithu, munthu kumuuza mnzake kuti walakwa, n'kugona kunyumba kwako. Ali pabwino anthu amenewo."

"Anali pabwino," anakonza Nagama. "Nduna yawapeza."

"Ndiye aone ife," anatero wamakala, akukweza malaya kuonetsa nthiti. "Ife tidayanjana kalekale. Taonani mmene tikunenepera."

Nachisale anaseka nawo, ndipo masabata oyambawo kusekako kunali kochokera pansi pa mtima. Mankhwala ndi mankhwala, poyamba anagwira ntchito. Yotamu kutentha thupi kunachepa, chifuwa chinapepukako, mpaka anayenda yekha kukaona mbuzi zake. Nduna inayankhula pa wailesi kuti mafuko awiri agonja kale. Ngakhale Nachisale anayamba kuganiza kuti mwina dokotala uja ankangochulutsa gaga m'diwa.

Ndiye m'mawa wina a Tayanjana anaganiza zokayendera dera lawo. Atafika pakhonde anamva phu phu phu, ndipo poganiza kuti ndi ng'oma yowalandira, anakonza tayi n'kulowa. Anapeza wodzalowa ufumu atagona mutu pansi, mkazi wa ku mudzi ali pamwamba pake akumuguguda ndi manja onse awiri.

"Mayi! Mukuchita chiyani?"

"Ndikuwatulutsa makhololo, bwana."

"Kutulutsa? Ndi chilolezo cha yani?" Nduna inasuzumira m'kachitini, n'kubwerera m'mbuyo itagwira pakamwa. "Awa ndi anthu a mfumu! Mabanja athunthu, kuwagwedeza ndi chivomerezi m'mawa uno, kuwasamutsa popanda chidziwitso, n'kukawataya kudzala! Ife tili pa ntchito yoyanjanitsa, inu mukuyambitsa zipolowe?"

"A Nduna," anatero Yotamu mutu ukadali pansi, "ngati mwawamvera chisoni atengeni, akakhale kwanu."

Lamulo lachiwiri linatuluka tsiku lomwelo. Linati aliyense wogunda thupi la Yotamu ndi mphamvu yoposa yosansira fumbi adzakwezedwa udindo nthawi yomweyo. Mfumu itamva kuti mwana wa mlongo wake wakhala akumenyedwa kawiri pa tsiku chikwatirire, inalira misozi yeniyeni, n'kumutumizira nkhuku zomupepesa.

Nachisale sanagonje msanga. Anapita kwa Nagama, ndipo kuyambira mawa lake amayi a kumsika ankafika m'mamawa ndi mitondo yawo n'kumasinja chimanga pansi pa zenera la kuchipinda. Panja gu gu gu, m'kati phu phu phu, Yotamu n'kumapuma. Zinayenda bwino mpaka nduna itayamba kudabwa kuti banja la anthu awiri limadya ufa wa mudzi wonse. Mitondo yonse inakwezedwa udindo, pamodzi ndi minsi yake. Pakhonde anaikapo wapolisi wa makutu akuthwa, amene ntchito yake inali kumvetsera.

"Mayi," anatero a Tayanjana mwaulemu wonse, "ine ndimakulemekezani. Koma ndikamvanso kamodzi kokha, mkanjo wanu ndauyeza kale ndi maso."

Apa ndi pamene Nachisale anagwira njakata. Akaguguda, amutumiza ku Kutalitali, ndipo Yotamu atsala wopanda womuguguda mpaka kalekale. Akapanda kuguguda, akhala naye pafupi, koma kungomuyang'ana akutsamwa. Anasankha kukhala. Ankamusisita msana mwakachetechete, kumukhazika pa nthunzi ya madzi otentha, kumugoneka chammbali, koma ulimbo suchoka ndi kusisita.

Miyezi inapita, majakisoni osaleka. Kupepuka kuja kunatha. Makhololo, amene kale ankasinthasintha mtundu, tsopano anali obiriwira tsiku lililonse, ndi kafungo kozuna kachilendo. Yotamu anasiya kupita ku khola la mbuzi, kenaka anasiya kufika pakhonde. Chimene chinamupweteka kwambiri Nachisale chinali nthabwala. Mwamunayo ankaziyambabe, koma mpweya unkamuthera pakati, ndipo ankangomaliza ndi dzanja.

Nachisale anadzilimbitsa mtima n'kupita kwa mfumu. Anaipeza ikuotcha mbatata, ndipo inamulandira ngati mwana wake.

"Mfumu, a Yotamu sakupuma bwino."

"Ndamva, mwana wanga, ndamva. A Tayanjana andifotokozera. Akuti ndi otsutsa omaliza akuphupha. Zikatha zimenezi adzapuma ngati mwana wakhanda. Iwe ndi ine timamukonda Yotamu, si choncho? Ndiye tipirire. Tenga mbatata iyi, ndi yaufa."

Nachisale anali atakonza mawu njira yonse. Koma anabadwira mu Mtimaumodzi, ndipo lilime limene lakhala likugwada moyo wonse silidzuka tsiku limodzi. Anamva pakamwa pake pakunena kuti, "Ndi momwemo, mfumu." Anatuluka ndi mbatata yotentha m'manja, akudzida yekha, ndipo analira njira yonse yobwerera.

Mvula itayandikira, nduna inalengeza kuti ntchito yatheka. Kudzakhala Tsiku la Chifuwa Chimodzi pa bwalo la msika wa Tangopenya. Anasindikiza nsalu zobiriwira zojambulidwa kachilombo kopambanako, kakatali ngati kamtengo, ali atakaveka chisoti. Poti pankafunika wophunzira woti atsimikize, anatumiza lole kukatenga Dokotala Kapalamula, amene anabwera atada ndi dzuwa, ndipo ataphunzira kuyankhula mwachidule.

Tsikulo msika unadzaza. Yotamu anamunyamula pa mpando n'kumukhazika pa nsanja pambali pa atsibweni ake. Nachisale anakhala kumbuyo kwake, maso ali pa mapewa a mwamuna wake amene ankakwera ndi kutsika mofulumira.

"Tanena, Nagama, kachilomboka kakufanana ndi ndani?" anafunsa wamakala uja pansi pa nsanja, akuyang'ana nsalu ya mnzake.

"Sindikudziwa. Koma pamene kadya anzake onse, ndiye kuti kafika patali m'boma."

A Tayanjana anayankhula mpaka tomato wa Nagama anayamba kufota. Anati mbiri idzalemba kuti pamene maiko ena amalephera kuyanjanitsa anthu ooneka, Mtimaumodzi wayanjanitsa ndi osaoneka omwe. Anati ngakhale mtundu wa makhololo wasanduka wa mbendera, popanda wowakakamiza. Kenaka anaitana dokotala.

"Adokotala, uzani dziko. M'chifuwa cha a Yotamu mwatsala mitundu ingati?"

"Umodzi," anatero dokotala atawerama.

Nthungululu zinang'amba thambo. Ng'oma zinalira. Mfumu inapukuta misozi ya chimwemwe, n'kutembenukira kwa Yotamu. "Mwana wa mlongo wanga, imirira uthokoze anthu ako. Mawu awiri okha."

Yotamu anagwira mpando n'kudzuka. Anatsegula pakamwa. "Atsibweni," anatero, ndipo panathera pomwepo. Anayesa kutsokomola, koma chifuwa chinangolira ngati chitseko chadzimbiri, osatulutsa kanthu. Milomo inayamba kuda. Anagwada, kenaka n'kugwa chammbali pa matabwa a nsanja, maso ali tong'o.

Ng'oma zinaleka imodzi imodzi.

"Chitanipo kanthu!" inafuula mfumu. "Anthu inu, chitanipo kanthu!"

"Ndi momwemo!" zinayankha nduna, koma palibe inasuntha phazi.

Nachisale anali atagwada kale pambali pa mwamuna wake. Anamugudubuza chafufumimba, n'kulowetsa mpando wakugwa pansi pa chiuno kuti mutu utsike. Anapinda zikhatho. Apolisi awiri anasendera pafupi, wina atanyamula mkanjo wobiriwira pa mkono, poti a Tayanjana anali munthu wokonzekera. Manja a Nachisale anaima m'malere. Lero akhoza kumupulumutsa, koma nanga madzulo? Nanga mawa?

Anatembenuka n'kuyang'ana mfumu m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Mfumu, vulani mphete."

"Wati chiyani, mwana wanga?"

"Ine ndikawaguguda mundikweza udindo, ndipo mawa adzasowa wowaguguda. Inu palibe angakukwezeni. Vulani mphetezo mugwade apa. Fulumirani, akupita!"

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mfumu inayang'ana milomo ya Yotamu, ndipo mphete zinagwa pa matabwa. Inagwada movutikira, mawondo akulira, n'kuyamba kumusisita mwana wa mlongo wake ngati wotonthoza khanda.

"Ayi, mfumu. Si choncho."

Msika wonse unakoka mpweya. Wapolisi wa mkanjo anautambasula, n'kuyang'ana kwa nduna, koma nduna inali ikuyang'ana nsapato zake.

"Pindani manja. Ayi, osati chibakera, mukuti muwathyole nthiti? Ngati mukutunga madzi. Eya. Tsono menyani. Ayi, pamenepo ndi pa impso, kwerani. Mwamphamvu! Kodi mbatata zonse zija zimapita kuti?"

Pansi pa lamba wa mfumu panamveka phokoso lija, lalitali kuposa kale lonse, koma mfumu sinaleke. Inamenya, thukuta likuyenderera m'khosi, chisoti chitagwera kumbali. Pang'ono ndi pang'ono manja ake anapeza kayendedwe, phu phu phu, ndipo Nachisale ankalozera ndi chala: apa, tsopano apa, tsikani pang'ono. Dokotala anagwada kumutu n'kumugwira Yotamu chibwano. Kenaka thupi lonse la Yotamu linagwedezeka, n'kutsokomola chifuwa chochokera kutali, ndipo chimene chinatuluka chinagwera pa mkanjo wobiriwira uja, umene wapolisi anali atautaya pansi. Mpweya unalowa ndi mluzu. Unalowanso. Milomo inayamba kubwerera mtundu wake.

"Atsibweni," ananong'ona Yotamu, "dzanja lanu... laulesi." Zotsalazo anamaliza ndi chala, kuloza mkazi wake.

Mfumu inakhala pansi pa matabwa, miyendo ili tambalale, ikupuma ngati yathamanga. Inayang'ana dokotala.

"Adokotala, paja munkati chifukwa. Tsiku lija. Chifukwa chiyani?"

Dokotala anayang'ana lole imene inaima kuseri kwa msika, kenaka anayang'ana Yotamu. "Chifukwa wotsala yekhayo amakhala wopanda womupanikiza, mfumu. Watenga malo onse. Wadzimangira linga la ulimbo, ndipo mankhwala athu ambiri sakulowamonso."

"Ndiye abwezeni ena aja. Ndalamula. Lero lomwe abwerere m'midzi mwawo."

"Sali ku Kutalitali, mfumu, kuti titumize lole. Adatha. Majakisoni a tsiku ndi tsikuwa tiwasiye, tibwerere ku muyeso, ndipo msana uzigugudidwa kawiri pa tsiku. Mwina ena angadzabwere okha pang'onopang'ono. Mwina ayi."

Nduna zinadikira nthungululu, koma mfumu sinapereke chizindikiro. Anthu anayamba kubalalika mwakachetechete, ena atatembenuza nsalu zawo kunja kukhala m'kati. Nagama anatola tomato wake wofota, n'kumuuza wamakala kuti pa zikondwerero zonse zimene wakhala akuvinako, chimenechi chokha ndicho chinatulutsa kanthu.

Majakisoni anasiyidwa, poti lamulo lake lidati mpaka mkangano utatha, ndipo unali utathadi. Koma lamulo loletsa kuguguda silikanafafanizika, chifukwa ku Mtimaumodzi lamulo sililakwa, ndipo kulichotsa kukanakhala kutsutsana nalo. A Tayanjana anafotokoza zimenezi mwaluso kwambiri, n'kusunga galimoto yawo. Motero m'mawa uliwonse ndi madzulo aliwonse, anthu a mu Ndimomwemo ankaona mfumu yawo ikuyenda wapansi kupita kwa Yotamu, manja a malaya atapindidwa, mphete zili m'thumba. Wapolisi wa makutu akuthwa uja ankamva ayi wambiri pa tsiku limodzi kuposa amene dziko lonse lidamva chilowere ufumu a Mlekeni, koma ankadziwa kuti zina ndi zosakanena.

Yotamu anayambanso kufika pakhonde. Ku khola la mbuzi sanafikekonso. Nachisale, amene ankadziwa mpweya wa mwamuna wake kuposa mwini wake, ankamva kuti wina udapita osabwerera, ndipo mkwiyo wake pa nkhalamba yonenepayo sunathe msanga. Koma kukwiyira munthu amene akugwada pansi m'nyumba mwako, thukuta lili chuchuchu, n'kumakufunsa ngati akumenya bwino, ndi ntchito yotopetsa.

M'mawa wina ali pakati pa kuguguda, mfumu inaimitsa manja. Inawerama n'kugunditsa khutu pa msana wa Yotamu, n'kukhala choncho nthawi yaitali, maso atatsinzina.

"Mukumvetsera chiyani, mfumu?" anafunsa Nachisale.

"Ndimati mwina ndimva akukangana."

"Nanga mwamva?"

Mfumu inadzutsa mutu pang'onopang'ono. "Muli zii, mwana wanga. Muli mtendere wokhawokha."

Inapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kupindanso zikhatho.